Memore ya malemu a Sudi

Ntchito yokonza mawailesi ndinaipeza chifukwa cha beseni langa la zitumbuwa. Bambo a ana anga anapita ku Dwangwa kukadula nzimbe, ndipo chaka chachiwiri tinangomva kuti akwatira komweko. Ndinatsala ndi ana atatu pa Nkhotakota boma, m'kanyumba ka lendi. Sukulu ndinalekera sitandade sikisi, ndiye za ntchito ya mu ofesi sindinkazilota n'komwe. Ndinkakazinga zitumbuwa n'kukakhala nazo pakhonde la shopu ya a Rajabu, kufupi ndi msika.

A Rajabu anali bambo wachikulire wachisilamu, wokonza mawailesi, matochi, marimoti ndi mafoni. Anthu onse ankangowaitana kuti a Fundi. Tsiku lina anagula zitumbuwa ziwiri, koma maso awo anali pa beseni.

"Make Lonjezo, beseni ili mumatsuka ndi chiyani? Munthu akhoza kumetera ndevu pamenepa."

"Mchenga ndi phulusa basi, a Fundi."

"Mawa mudzalowe mkati. Ine maso akundithawa, ndipo zinthu zambiri zimene anthu amabweretsa kuno sizinafe ayi, n'zakuda chabe."

Nditafika kunyumba ndinagwada pamphasa n'kuthokoza Ambuye. Ndinkapempha makasitomala a zitumbuwa, Iwo n'kundipatsa mpando m'shopu.

Kwa amene simuidziwa ntchitoyi, ili chonchi. Kuno kunyanja chinyontho sichitha, ndipo mabatire otchipawa akakhalitsa amachucha. Ukatsegula wailesi umapeza pa timasipuling'i togwira mabatire pali ufa woyera ngati mchere, pena zobiriwira ngati ndere. Zimenezo zimatseka njira ya moto, wailesi n'kukhala chete ngati yafa. Choyamba umachotsa mabatire. Pa ufa woyerawo umakulunga thonje ku kamtengo ka machesi, kuviika mu viniga, n'kudontheza pang'ono. Pamachita thovu, iwe n'kupukuta. Kenako umatsuka ndi sipiriti ndi mswachi wakale, n'kuyanika pa nyuzipepala pamthunzi. Sipuling'i yachitsulo ikachita dzimbiri ndiye umaikwecha ndi sandipepa. Pomaliza umaika mawaya awiri a mita yoyezera moto uku ndi uku. Mita ikalira, ndiye kuti moto ukudutsa.

Koma pali tina timene sitifuna mphamvu. Pa simu khadi, pa batire la foni ndi pa memore, kakhadi kakang'ono kosunga zithunzi ndi mawu kaja, pamakhala timano tagolide. Timeneti timapukutidwa ndi chofufutira cha ana asukulu ndi dontho la sipiriti, basi. A Fundi anandiuza sabata yoyamba yomwe.

"Apa sandipepa ayi. Golide ameneyu ndi wopyapyala kuposa khoko la anyezi."

Ndinamva, ndinavomera. Koma dzanja langa linaleredwa ndi amayi anga, amene ankatembenuza poto aliyense n'kuyang'ana kunsi kwake. Akapeza mwaye ngakhale pang'ono, unkabwerera naye kudambo. Mpaka lero ndikaona kadontho kakuda pa chinthu chowala, dzanja limafuna kukakwecha.

Ntchito inali yowawa m'njira zake. Sipiriti ankang'amba nsonga za zala, msana unkapweteka ndi kuwerama. Abambo ena ankati akandiona patebulo n'kubweza dzanja.

"Foni yanga asagwire wa zitumbuwayo."

"Ndiye pitani nayo ku Salima," ankatero a Fundi, osadzutsa ndi mutu womwe.

Pang'onopang'ono anthu anazolowera. Wailesi ya mkulu wina imene inakhala chete zaka ziwiri inayankhula m'manja mwanga, mkuluyo n'kuvula chipewa. Ndinayamba kudzimva kuti ntchito ndaidziwa. Mwina pamenepo m'pamene Satana anapezera khomo.

Linali Lachisanu, kumapeto kwa dzinja, mpunga utayamba kucha m'madambo. Magetsi anali atazima chim'mawa. Kunalowa mayi wowonda, wofunda nsalu kumutu, mwana ali kumbuyo. Anati dzina lawo ndi Mwanaisha, achokera kwa Malengachanzi. Anamasula mfundo ya chitenje n'kuika patebulo foni yaing'ono ya mabatani, yotupa kumbuyo.

Nkhani yawo inali iyi. Amuna awo, a Sudi, anamwalira atadwala chifuwa nthawi yaitali. Mayiwa anali atangomaliza eda, miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wachisilamu amakhala pakhomo mwamuna akamwalira. Nthawi yonseyo katundu wa malemu anali m'sutikesi, osakhudzidwa, ndipo denga linkadontha pomwepo. Tsopano abale a malemu anali ataitanitsa msonkhano wa Loweruka, mawa lake, wogawa za masiye. Alamu awo, a Bakali, ankati munda wa mpunga ndi wa mtundu, choncho mayiwa abwerere kwawo ku Ngala ndi ana. Koma mundawo a Sudi ndi akazi awo anaswa okha mphanje, m'bango, pamalo pamene panalibe wolima. A Sudi ataona kuti matenda akula, anajambula mawu awo m'foniyo kunena za mundawo, poti mkazi wawo sadziwa kuwerenga.

"Foni sindikuifuna," anatero. "Ndikufuna mawu okhawo. Ndikawataya, ana anga adya chiyani?"

A Fundi anatsegula foniyo. Batire linali litaphulika, mkati monse mobiriwira. Anaipukusira mutu. Kenako anatenga kopanira n'kusolola memore pang'onopang'ono, ngati akuzula munga kuphazi la mwana. Timano take tisanu ndi titatu tinali takuda. Anandipatsa ine, poti maso anga ndiwo ankaona.

"Chofufutira ndi sipiriti. Mwaulemu."

Ndinapukuta mwaulemu ndithu. Timano tisanu ndi tiwiri tinawala. Kamodzi ka kumapeto kanatsala ndi kadontho kakuda pakati. A Fundi anaika memoreyo m'foni ya pashopu, n'kufufuza, n'kudina. Tinamva kutsokomola, kenako mawu a bambo otopa.

"Bismillahi. Ndine Sudi, ndikuyankhula ndili ndi nzeru zanga. Munda wa mpunga wa kutsidya kwa mtsinje uja, ine ndi..."

Foni inalemba kuti memore palibe. Mayi Mwanaisha anali atakhala pansi pa simenti, atagwira pakamwa, misozi ikungotsika. Miyezi inayi asanamve mawu amenewo. Inenso ndinalira, ndisaname.

A Fundi anachotsa memoreyo n'kuiika pa kapepala koyera.

"Ili moyo, Alhamdulillah. Koma ndi yodwala. Tisaivutitse. Iume bwinobwino, magetsi akayaka tiika pa kompyuta kamodzi kokha n'kukopera mawuwo. Mayi, pitani mukabwere cha m'ma thuu."

Mayiwo anapita ndi mwana kuchipatala, poti ankatentha thupi. Ku mzikiti kutaitana, a Fundi anavala kofia n'kuima pakhomo.

"Make Lonjezo, mundidikire."

Ndinatsala ndekha. Ndinatsuka tochi imodzi, ndinatsuka rimoti. Koma maso ankangobwerera pa kapepala kaja. Kadontho kaja kankandiyang'ana. Mumtima ndinkati, chikudula mawu ndi chimenechi, china palibe. Ndikachotsa, a Fundi akabwera apeza zonse zatheka, mayi uja apita kwawo akuseka. Mulungu ndi mboni, sindinkafuna choipa. Koma ndikaunika bwino, ndinkafunanso kuti anditame.

Ndinayamba ndi chofufutira. Kadontho sikanasunthe. Ndinathira sipiriti, ndinakanda ndi kamtengo ka machesi. Ayi ndithu. Kenako dzanja linapita lokha ku chitini cha zida n'kutenga kachidutswa ka sandipepa, kotha kale, kosalala. Ndinadziuza kuti kamodzi kokha. Ndinaika memore pa thabwa la tebulo, kuikanikiza ndi chala chachikulu, n'kukwecha. Kadontho kanachepa. Ndinabwerezanso. Ulendo wachitatu ndinamva kaphokoso kakang'ono pansi pa chala, ngati ukaphwanya nsabwe.

Nditaikweza ku kuwala ndinaona kuti pamene panali dzino lija palibenso golide, pangotsala pakuda. Dzimbiri linali litadya kunsi, ndipo kadontho kaja sikanali litsiro ayi, kanali bowo. Kuchoka pamenepo kunali kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi, kodutsa pakati pa memore.

Ndinaiika m'foni, foni inati memore palibe. Ndinaichotsa, kuiuzira, kuiikanso. Palibe. Ndinagwada kuseri kwa tebulo n'kupemphera ngati Hana, milomo yokha ikugwedera. Ndinati Ambuye, munaukitsa Lazaro wa masiku anayi, kanthu aka n'kachiyani kwa Inu? Ndili chigwadire magetsi anayaka, mawailesi a pashelefu n'kuyamba kuimba. Ndinaika memore pa kompyuta. Palibe.

A Fundi atabwera anaitenga, kuiyang'ana ndi galasi lokulitsa, n'kuona kachidutswa ka sandipepa kali patebulo. Sanakalipe. Akanakalipa, bwenzi zitandipepukira. Anakhala pansi n'kuvula kofia.

"Ikathetheka chonchi, ngakhale ku Lilongwe sangaidzutse."

Kenako anati, "Mayi uja akubwera. Mukhoza kumuuza kuti inafa yokha, sangadziwe. Ine pakamwa panga sipatuluka zimenezo. Zanu muona nokha."

Mayi Mwanaisha analowa akumwetulira, atagula ndi nthochi zoti atipatse. Ndinawagwadira. Ndinawauza zonse, kuti a Fundi anandiletsa, ine n'kukwecha, memore n'kuthetheka. Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati ndikuyankhula chilankhulo china.

"Ndiye kuti a Sudi afanso kachiwiri?"

Anaika nthochi zija patebulo. Kenako anandigwira pamkono n'kunditulutsa pakhonde, pomwe ndinkagulitsira zitumbuwa.

"Achemwali, inu muli ndi ana?"

"Atatu."

"Inenso atatu. A Fundi sindingawapemphe, ndawaona kale mtima wawo. Koma inu ndinu mkazi mnzanga, ndipo mwaononga ndinu. Mawa mubwere ku msonkhano, mukanene kuti munamva mawu onse. Ine ndimawadziwa pamtima. Anati, 'ine ndi Mwanaisha tinaswa tokha mphanje, ndi wa ana anga, wina asaulande.' Si bodza ayi. Anatero ndithu. Mungonena kuti munamva."

Ndinalonjeza kuti ndibwera. Za mawuwo sindinalonjeze, komanso sindinakane. Mantha.

M'mawa mwake ndinasiya ana kwa aneba n'kukwera kabaza. Njira yonse ndinkabwereza mawu aja, kuwayesa pakamwa. Ndinkawakhulupirira mayiwo ndi mtima wonse. Ndinkadzifunsa kuti, kunena choona chimene sunachimve, kodi ndi bodza? Tinadutsa m'minda ya mpunga woweramira pansi ndi kulemera, ndipo ndinkati mwina wawo ndi uwu, mwina ndi uwo.

Anthu anakhala pabwalo la nyumba ya malemu, amuna pamipando, amayi pamphasa. Wotsogolera anali amalume a malemu, nkhalamba yofatsa yoyankhula motsitsa. A Bakali ndinawadziwa msanga, anali ndi mawu ofanana ndi a m'foni aja, moti atapereka moni ndinadzidzimuka. Mayi Mwanaisha anafotokoza za foni, za memore, n'kuloza ine.

"Mayi, ndinu a mpingo?" anafunsa amalumewo.

"Eya."

"Ife sitikulumbiritsani. Mulungu ndi mmodzi, akukuonani. Tiuzeni zimene makutu anu anamva."

Ndinaimirira. Ndinanena za kutsokomola, za Bismillahi, za nzeru zawo, za munda wa kutsidya kwa mtsinje. Ndinafika pa "ine ndi". Mawu otsatira anali pa lilime, okonzeka. Mayi Mwanaisha ankandiyang'ana, mwana ali pabere. Ndinatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Mawu anadukira pamenepo. Kupitirira apo sindinamve. Ndipo amene ndinaononga memoreyo ndine, ndi dzanja langa, atandiletsa."

A Bakali anaseka n'kumenya pabondo.

"Ine ndi ndani? Mwina ankati ine ndi mng'ono wanga Bakali! Mlamu, mboni yanu ndi imeneyi? Mwailipirira kabaza kuti idzatiuze kuti achimwene ankatsokomola?"

Ena anaseka nawo. Ndinayesa kuwonjezera kuti ine ndikuwakhulupirira mayiwa, kuti munthu sangalire chonchija pa nkhani yopeka. Amalumewo anakweza dzanja mwaulemu.

"Zikomo mayi. Kukhulupirira ndi kwanu. Ife timafuna kumva."

Anakambirana mpaka dzuwa linafika pamutu. Panalibe wina woikira umboni, poti amene anawaona akuswa mphanje anali abale a mwamuna omwewo, ndipo onse ankayang'ana pansi. Chigamulo chinali chakuti mayi Mwanaisha akolole mpunga wa chaka chimenecho, kenako munda ubwerere ku mtundu, m'manja mwa a Bakali, amene ati azithandiza anawo. Aliyense pabwalopo ankadziwa mathero a mawu oti azithandiza.

Mayiwo anandiperekeza mpaka pamsewu, monga mwa ulemu wa mlendo. Kabaza atayima, ndi pamene anati, "Mawu khumi okha, achemwali. Mulungu wanu akanakupherani mawu khumi?"

Mpaka lero ndilibe yankho lokwanira. Ndinafunsapo abusa, anati ndinachita bwino. Koma abusa sanaone nkhope ya mayi uja.

Lolemba ndinapita kushopu kukatsanzika, poti ndinkadziwa kuti ntchito yatha. Ndinapeza a Fundi ataika kale wailesi pamalo panga, ndi mswachi pambali.

"Mwachedwa," anatero.

"A Fundi, ine sindiyeneranso kugwira zinthu za anthu."

"Inenso ndinalakwa. Chinthu chotere sindikanachisiya patebulo, ndikanapita nacho m'thumba ku mzikiti. Khalani pansi. Dzanja lanu ndi labwino, koma silidziwa polekera. Beseni ukalikwecha kwambiri limangowala. Izi ukazikwecha kwambiri zimatha."

Ndinakhala pansi ndikulira, n'kutsegula wailesiyo. Bambo amene aja, Mulungu awakumbukire kumene ali. Anandisunga zaka zina zinayi mpaka maso awo anatheratu, ndipo tebulo ndi zida anandisiyira ine. Ana anga aphunzira ndi ntchito imeneyi. Lonjezo tsopano ali ku sekondale. Ndikawerenga zimene Ambuye andichitira, ndimasowa poyambira. Koma ndimadziwanso kuti ku Ngala kuli ana atatu amene sanadye mpunga wa bambo awo chifukwa cha chala changa chachikulu.

Mayi Mwanaisha ndinadzawaonanso kamodzi, patapita zaka ziwiri. Ndinapita ku Ngala ku maliro a mnzathu wa mumvano, ndipo pobwerera ndinawapeza pamsewu akugulitsa usipa wouma pa thumba loyala pansi. Mwana wamkulu, mtsikana woyenera kukhala m'kalasi nthawi imeneyo, ankaingitsa ntchentche. Ndinafuna kudutsa ngati sindinawaone, koma anandiitana okha.

"Achemwali a mawailesi! Muli bwanji? Ana ali bwanji?"

Tinalonjerana. Ndinagula usipa, iwo n'kuwonjezera kadzanja kena pamwamba. Za munda sanatchule, inenso sindinatchule. Pomanga pepala anafunsa, "Mukadali pa ntchito ija?"

"Ndikadali pomwepo."

"Muzigwira bwino zinthu za anthu."

Sananene mokwiya. Ananena ngati mmene munthu amakuuzira kuti uyende bwino.

Memore ija anaisiya patebulo tsiku lija, pamodzi ndi nthochi. Ndinaikulunga m'kapepala, ili m'buku langa la nyimbo, ndipo ndikalitsegula Lamulungu ndimawatchula mayiwo ndi ana awo pamaso pa Ambuye. Kushopu, sandipepa sakhalanso patebulo. Ndimamusunga m'chitini chomanga ndi chingwe mfundo zitatu, pashelefu ya pamwamba, kuti pomasula mfundozo mutu upeze nthawi yolifunsa dzanja. Munthu akabwera ndi foni kapena memore, ndisanaigwire ndimayamba ndafunsa kuti muli chiyani mkatimu. Ena amati nyimbo chabe. Ena amayamba kulira asanayankhe.

Ndipo chinthu chikangoyamba kuyankhula, ngakhale chikhale ndi madontho akuda angati, ndimachotsa manja anga n'kuwaika pamiyendo.